Makina Okumba Matope mu Shire: Ntchito Idzatsala kwa Ndani?

Magetsi akazima timafulumira kudandaula, osadziwa kuti nthawi zina gwero lake ndi matope. Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola nthaka n'kuitsitsira m'madamu a malo amenewa, ndipo madzi oyendetsa makina amachepa. N'chifukwa chake kampani ya EGENCO imagwiritsa ntchito makina oyandama otchedwa dredger, okumba matope pansi pa madzi n'kuwapopera kumtunda kudzera m'mapaipi. Funso lathu lero nali: kodi luso la makompyuta lotchedwa AI lidzamusiyira ntchito woyendetsa makinawa?

Tiyambe taona chomwe amachita. Iye saona pansi pomwe akukumba. Amadalira mageji, kulira kwa pampu ndi kunjenjemera kwa chombo. Matope akachuluka m'paipi, paipi imatseka. Akachepa, ndiye kuti akungopopa madzi, dizilo n'kumapsa pachabe. Kudziwa pakati pa ziwirizi kumatenga zaka, koma apa m'pamenenso kompyuta imachita bwino. Zipangizo zimayeza kuya kwa madzi ndi kulemera kwa matope mosalekeza, kompyuta n'kumasintha yokha liwiro la pampu. Imathanso kuchenjeza kuti chitsulo chakutichakuti chayamba kutha chisanathyoke. Sitopa, siwodzera usiku. Makampani a ku Netherlands ndi Belgium, monga Boskalis, Van Oord, DEME ndi Jan De Nul, ali kale ndi zombo zomwe kompyuta imayendetsa mbali yaikulu ya kukumbako.

Tisakunamizeni: anthu ofunika pa makina amodzi adzachepa, ndipo woyamba kutsala ndi amene amangodziwa kukoka ndi kukankha zitsulo.

Komabe matopewo sakutha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi 130 MW. Doko la Beira, lomwe katundu wathu wambiri amadzera, limafuna kukumbidwa kawirikawiri kuti zombo zilowe. Mu Malichi 2021 chombo cha Ever Given chitatitimira mumchenga n'kutseka ngalande ya Suez kwa masiku 6, anthu ndi amene ankaganiza pokumba ndi posiya. Kompyuta imaphunzira pa zomwe zinachitikapo kale. Chitsa chikakola mano a makina, kapena namasupuni akatseka pampu, pamafunika munthu wa sipanala m'manja.

Ife tikuona kuti kwathu kuno kusinthaku kudzafika pang'onopang'ono, chifukwa makina otere ndi odula ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Koma akadzafika, ofunidwa adzakhala odziwa zonse ziwiri, mtsinje ndi kompyuta. Amene mukulakalaka ntchito za pamadzi, musathawe Physics, Masamu ndi Computer Studies, ndipo mukamaliza Fomu 4, insha Allah, kafunseni za maphunziro a pa sukulu ya ntchito za panyanja ku Monkey Bay.