ZA KUKUMBA NKHUTI PAFUPI NDI MALIRE

Inu eni minda a kwa Njewa, ndi inu a ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, tamverani mau awa isanafike nyengo youmba njerwa.

Nthaka siima pa yokha. Munda wanu utsamira pa munda wa mnansi wanu, ndi wacenso utsamira pa wanu. Munthu akakumba nkhuti yakuya pa malire peni-peni, wacotsa mcirikizo wa nthaka ya mnzace, lingakhale khasu lace silinalumphe malirewo. M'malimwe sikuoneka kanthu, pakuti katondo wouma ali wolimba. Koma pofika Januwale, mvula italowa pansi, dothi lilemera ndi kufewa, ndipo khoma la nkhuti ligumuka, nilitenga mizere iwiri kapena itatu ya cimanga ca mnansiyo. Dzinja linalo litenganso yina, kufikira pakhala cigwembe. Ku dambo, kumene anthu akumba makande ndi mcenga, madimba aonongeka msanga koposa.

Wokumbayo akonda kunena kuti, Ndinakumba kwanga. Mau amenewa samcotsera mlandu. Kuyambira caka ca 1902 mabwalo a Boma m'dziko muno atsata lamulo la oweruza a ku England, ndipo lamulolo liti mwini nthaka ali ndi ufulu wakuti nthaka yace icirikizidwe ndi ya mnansi wace. Ufuluwu sagula, kapena kuulembetsa pa kalata. Ukhala pamodzi ndi nthakayo. Lamulo la kalembera wa malo la caka ca 1967, limene minda yambiri ya kumadzulo kwa Lilongwe inalembedwa nalo m'manja mwa eni ndunda, liusunganso, ungakhale sunalembedwe m'buku la malo.

Kukumba kokha si mlandu. Mlandu ubadwa tsiku limene nthaka ya mnzanu yagumuka, ngakhale papita zaka zambiri cikumbire. Oweruza anatero m'caka ca 1861 pa mlandu wa Backhouse ndi Bonomi.

Za nyumba ziri zina pang'ono, ndipo pano ambiri asokera. Ufulu uja uli wa nthaka monga inakhalira, yosasenza katundu. Mu mzinda wa Newcastle anthu ena anakumba maziko pambali pa nyumba yopangiramo magareta ya a Angus, ndipo nyumbayo inagwa. Bwalo lalikuru la House of Lords, m'caka ca 1881, linaweruza kuti okumbitsa alipire, cifukwa nyumbayo inatsamira pa nthaka imeneyo poyera zaka zoposa 20. Ikadakhala yatsopano, ndipo nthaka ikadagumuka cifukwa ca kulemera kwa nyumba kokha, mlandu ukadapita kwina. Cifukwa cace womanga nyumba, cigafa ca fodya kapena nkhokwe pa malire peni-peni acita copanda nzeru. Bwalolo linanenanso kuti wolemba anthu nchito yokumba sangathe kukankhira mlandu kwa iwo. Mumve ici inu olemba aganyu a njerwa.

Tsono pokumba citani cotere. Yambani mwaitana mnansi wanu ndi a mfumu a mudzi, muyende nao m'malire, muone pamene pali mwala wa Boma, khonje kapena nkhadze. Siyani mpata wosakumba pakati pa malire ndi nkhuti, wolingana ndi kuya kwace kwa nkhutiyo. Nkhuti ya mapazi 6 italikire mapazi 6, ndi pa mcenga onjezani kawiri. Khoma lace likhale lotsetsereka, losati coimirira. Pa mpatawo bzalani vetiva kapena nsenjere, kuti mizu igwire dothi, ndipo madzi a m'mizere musawalozetse m'nkhuti. Njerwa zitapsa, bwezerani zidutswa ndi dothi la pamwamba m'dzenjemo, nimubzale nthoci. Zikonda malo otere.

Ngati munda wanu wagumuka kale, musakwirire msanga. Aone a mfumu ndi mboni, nayese mizere yotayika madzi asanafafanize. Mukalephera kumvana pa mudzi, lamulo la malo a makolo la caka ca 2016 liika bwalo la mirandu ya malo kwa mfumu yaikuru ya dera, ndipo mutengere nkhaniyo kumeneko.