NKHANZA ZA M'NYUMBA: ZIMACOKERA KUTI?

Kawirikawiri mai akafika ku cipatala ndi diso lotupa kapena dzino loguluka, amauza namwino kuti anagwa pobwera ku citsime. Namwino wozolowera nchito amadziwa kuti kugwa sikusiya zizindikiro za zala pakhosi.

Mu 1996 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la WHO unagamula kuti nkhanza ndi vuto la zaumoyo, osati la apolisi okha. Kufufuza kwa zaumoyo kumene kunacitika m'Zambia mu 2018 kunapeza kuti azimai 36 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo kuyambira pamene anali ndi zaka 15. Comvetsa cisoni n'cakuti azimai 46 pa 100 anabvomereza kuti nthawi zina mwamuna ali ndi cifukwa comenyera mkazi wake, monga akapsereza ndiwo kapena akacoka osatsazika.

Nkhanza sizili m'magazi. Zimaphunziridwa. Mnyamata amene amaona atate ake akumenya amai ake amakula akuganiza kuti mkangano umatha ndi cibakera, ndipo mtsikana amakula akuganiza kuti kupirira mikwingwirima ndiko kusunga banja. Si ana onse otere amene amatsata mapazi amenewa, koma ngozi yake ndi yaikulu.

Mowa umathira mafuta pamoto. Umafooketsa mbali ya ubongo imene imaletsa munthu kucita zinthu mopupuluma, kotero mau amene akanangowaseka ali bwinobwino amawamva ngati citonzo. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu akali kuphikidwa. Nsanje, njala ndi kulimbirana ndalama za fodya kapena thonje zimaonjezerapo. Komabe umphawi si cifukwa cokwanira, pakuti nkhanza zimapezekanso m'nyumba za malata.

Kupewa kumayambira pa ana. Kholo lingathe kulanga mwana popanda mkwapulo. Munthu amene mtima wayamba kumuwira atuluke panja, ndipo nkhani ikambidwe m'mawa mowa utatha m'mutu. Ku Lusaka, mabanja amene analandira uphungu wokhudza mowa ndi mkwiyo pamodzi anapezeka kuti ndeu zawo zacepa. Alangizi ndi ankhoswe nawonso ali ndi mbali yawo. Nkhoswe imene imabweza mai wobvulala ku nyumba ndi mau akuti “pirira” imamubweza ku ngozi.

Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la mu 2011 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo amuna omenyedwa amalandiridwanso. Wogwiriridwa afike ku cipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku kacirombo ka HIV. Manambala a lamya aulere ndi 933, ndipo a ana ndi 116.