ZOTUPA ZA MAFUTA: KUSIYANITSA COFATSA NDI COOPSYA

M'midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, monganso kwina konse, alipo anthu okhala ndi cotupa pamsana, paphewa kapena pamwendo zaka zambiri osamva kuwawa. Zotupa zotere zambiri nzamafuta cabe. Koma cilipo cina cofanana nazo cimene ciri khansa, ndipo cimapha. Cifukwa cace nkoyenera kudziwa mitundu yace itatu.

Mtundu woyamba ndiwo wofala, dzina lace lipoma. Cotupaci cimakhala pansi pa khungu pomwe, ncofewa, ndipo munthu akacikanikiza ndi cala cimatererera pambali. Cimakula pang'onopang'ono, ndipo si khansa ai.

Mtundu waciwiri ngwosowa. Mafuta amacuruka mopitirira pakhosi ndi m'mapewa, mbali zonse ziwiri mofanana, kotero kuti ena amayesa cithokomiro. Dotolo wa ku Germany, Otto Madelung, anafotokoza nthendayi m'caka ca 1888, ndipo imadziwika ndi dzina lace. Imagwira makamaka amuna acikulire amene akhala akumwa mowa kwambiri. Nayonso si khansa, ngakhale mafutawo akacurukitsa angathe kupanikiza njira ya mpweya.

Mtundu wacitatu ndiwo khansa ya mafuta, liposarcoma. Kawirikawiri imagwira anthu akuluakulu, ndipo imamera mkati mwa mnofu wa mwendo, pamwamba pa bondo, kapena m'mimba kuseri kwa matumbo. Msampha wace ndi uwu: poyamba siwawa. Tsono munthu amati, popeza siciwawa, sicoopsya. M'menemo cinthu cirikukula.

Kodi cotupa cokayikitsa cimadziwika bwanji? Madotolo amayang'ana zinai. Coyamba, ngati capitirira masentimita 5, ndiko kuti msinkhu wa dzira la nkhuku. Caciwiri, ngati ciri mkati mwa mnofu, colimba, cosasuntha. Cacitatu, ngati cikukula moonekera pa miyezi yowerengeka. Cacinai, ngati cameranso pamene anacicotsa kale. Cimodzi cokha mwa izi ncokwanira kuti munthu anyamuke.

Wodwala ayambe ku cipatala ca pafupi, ca Nathenje kapena ca Mitundu, kumene angampatse kalata yopita nayo ku Kamuzu Central Hospital mu Lilongwe. Kumeneko amaunika ndi makina kuti aone kuya kwa cotupa, ndipo akakayika amatapako kanyama kakang'ono kuti akapime ndi galasi lokuza zinthu. Nyumba yopimira tinyama totere inatsegulidwa pa cipatalaco m'caka ca 2011. Dzanja ndi diso pazokha sizingathe kuweruza mlanduwu. Ngakhale pagalasi, khansa ina yokula pang'onopang'ono imafanana kwambiri ndi lipoma, ndipo kumene kuli zipangizo zace akatswiri amafufuzanso cizindikiro ca MDM2, cimene cimacuruka m'khansayo koma osati m'lipoma.

Kusiyanitsaku nkofunika cifukwa kacotsedwe kace nkosiyana. Lipoma amangoisolola yonse, bala nkupola. Ikakhala yaing'ono ndi yosabvuta angathenso kuisiya. Koma khansa amaicotsa pamodzi ndi mnofu wabwino woizinga, pakuti ikatsalako pang'ono imameranso, ndipo ikacedwa munthu angataye mwendo kapena moyo. Kutema mphini kapena kuboola cotupa kumudzi sikucotsa kanthu. Kumangolowetsa tizirombo pabala ndi kutaya nthawi.

Akatekisiti ndi akristu oyendera odwala ali ndi mwai wothandiza pano. Ambiri amabisa cotupa ca pamwendo cifukwa ca manyazi, ena cifukwa coopa mpeni wa dotolo. Woyendera odwala asaweruze yekha kuti ici ncofatsa kapena ncoopsya. Afunse msinkhu wace ndi kakulidwe kace, alimbitse wodwalayo mtima, ndipo ngati nkotheka amperekeze. Akuluakulu anati, mbewa ya manyazi inafera kuuna.