Kodi Yesu anatsikiradi kwa akufa?

Zikomo bambo athu a ku Nsaru, kalata yanu tailandira. Mwati munakangana pamaliro: Yesu atafa Lachisanu, Loweruka anali kuti? Funso limeneli ndi lakalekale, bambo. Mukafunsa Akatolika a ku Nambuma, akuuzani kuti anapitadi kwa akufa kukamasula olungama akale monga Abrahamu, ndipo akutsegulirani 1 Petro 3:19. A CCAP ya Nkhoma amatsata Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene amati kutsikako ndi ululu woopsa umene anaumva, makamaka pamtanda. Ena amakumbutsa za wachifwamba uja wa pa Luka 23:43, amene analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Ine ndikuona kuti onsewa akuvomerezana kuti anafadi, naukanso. Kawerengeni mavesiwa ndi anzanuwo, koma chonde osati pasiwa. Mutilemberenso.