Phunziro la Mwezi Uno: Kuwerengera Magetsi a m'Nyumba

Abale athu a pa Kamwendo ndi a m'midzi yonse ya Mchinji, makono magetsi alowa m'nyumba zambiri. Ena alandira a ESCOM, odzera m'nthambo za pamitengo. Ena ali ndi sola padenga ndi batire pansi pa tebulo. Koma ambiri a ife tigwira nchito ndi cinthu cimene sitidziwa kuciyesa, ndipo paja akuru anati safunsa anadya phula. Tsono tiyeni tiphunzire masamu awiri okha, amene angathe kupulumutsa nyumba ku moto.

Poyamba tilingalire za madzi oturuka m'thanki kudzera m'paipi. Pali mphamvu yakukankha madziwo. Pali kucuruka kwa madzi oyenda. Ndipo pali kucepa kwa paipi kumene kuwaletsa. Momwemonso ndi magetsi. Kukankha kwace tiyesa ndi volt, dzina locokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene anapanga batire loyamba m'caka ca 1800. Kucuruka kwa magetsi oyenda m'waya tiyesa ndi ampere. Kuletsa kwa cinthu cimene magetsi apitamo tiyesa ndi ohm. Ndipo nchito imene magetsi acita, kaya kuwala kaya kutentha, tiyesa ndi watt. Magetsi a ESCOM m'nyumba ali a volt 230; batire la sola kapena la galimoto kawirikawiri liri la volt 12.

Lamulo loyamba analilongosola mphunzitsi wa ku Germany, Georg Ohm, m'caka ca 1827. Liri lotere: tikagawa ma volt ndi ma ampere, tipeza ma ohm. Simbi yositira ikakoka ampere 5 pa volt 230, tigawa 230 ndi 5, ndipo tipeza ohm 46. Tikalitembenuza lamulo lomweli, kugawa ma volt ndi ma ohm, tipeza ma ampere. Cotero kuletsa kukacepa, magetsi oyenda acuruka.

Lamulo laciwiri ndi ili: tikacurukitsa ma volt ndi ma ampere, tipeza ma watt. Simbi yathu ija: 230 kasanu ndiwo watt 1,150. Pansi pa ciwiya ciri conse palembedwa ma watt ace; tikawagawa ndi ma volt, tidziwa ma ampere amene cidzakoka. Ketulo ya watt 2,300 ikoka ampere 10.

Nanga phindu lace nciani? Taonani. M'kati mwa pulagi ya mano atatu muli kacitsulo kochedwa fyuzi, ndipo fyuzi yaikuru ya m'pulagi yotere iri ya ampere 13. Mai akalumikiza ketulo ndi simbi pa cingwe cimodzi, ampere 10 ndi 5 akhala 15, kuposa muyeso wa cingweco. Waya ayamba kutentha, ndipo m'kupita kwa nthawi fyuzi ingathe kusungunuka ndi kudula magetsi. Pamenepo fyuzi siinalakwe ai. Yafa m'malo mwa nyumba. Koma alipo ena amene acotsa fyuzi yakufayo naikapo msomali kapena waya wokulunga. Msomali susungunuka. Tsiku limene mawaya awiri asupuka nakhudzana, kuletsa kungatsike kufikira ohm 1. Pamenepo 230 kugawa ndi 1 ndiwo ampere 230, ndipo cingwe cisanduka khala la moto pafupi ndi mkeka ndi matumba a cimanga.

Ndipo inu a batire musanene kuti, Ife tiribe mantha, pakuti magetsi athu ngocepa. Zoonadi volt 12 sagwedeza munthu monga acita 230. Koma werengani: wailesi ya kanema ya watt 60 pa volt 12 ikoka ampere 5, cimodzimodzi ndi simbi ija. Cimene citenthetsa waya ndico ma ampere. Cifukwa cace kawaya kowonda kocotsedwa ku wailesi yakufa sikayenera kusenza katundu wotere, makamaka pamene kapita pansi pa denga la udzu m'mwezi wa October. Gulani waya wonenepa, mufupikitse ulendo wace, ndipo muike fyuzi pafupi ndi mutu wa batire.

Cenjezo lathu lotsiriza: masamu awa atithandiza kusankha ciwiya, waya ndi fyuzi, koma satipatsa ufulu wa kutsegula mita kapena kukhudza nthambo za ESCOM. Nchito imeneyo nja mmisiri wophunzitsidwa.

Mafunso a kuyankha madzulo pamodzi ndi ana a sukulu:

1. Babu la volt 12 likoka ampere 2. Pezani ma watt ace ndi ma ohm ace.
2. Mbaula ya watt 1,840 iri pa volt 230. Ikoka ma ampere angati?
3. Kodi mbaula imeneyo ndi ketulo ija zingakhale pa fyuzi imodzi ya ampere 13? Fotokozani cifukwa cace.

Mayankho tidzalemba mwezi wa mawa.