Kodi RAM yosadya moto ingachedwetse kutha kwa batire?

Funso: Laputopu yanga ndi yakale ndithu, ndipo magetsi akathima batire silichedwa kutha. Mnzanga akuti ndigule RAM yosadya moto wambiri. Kodi zingathandize?
Wophunzira, Zomba

Yankho: Mnzanuyo sananame, koma musayembekezere zodabwitsa. Mitundu ya RAM imasiyanadi pa mphamvu ya magetsi: DDR3 imagwira ntchito pa 1.5V, DDR3L pa 1.35V, DDR4 pa 1.2V, pomwe DDR5 ili pa 1.1V. Vuto n'lakuti simusankha mwakufuna kwanu. Laputopu iliyonse imalandira mtundu wake, ndipo DDR4 singalowe m'malo a DDR3 chifukwa kampata kake kali pena. Tsono musanapite kusitolo, ikani pulogalamu ya CPU-Z muone mtundu umene uli m'katimo. Ngati ndi DDR3, gulani DDR3L. Kawirikawiri imagwira pa mphamvu zonse ziwiri, ngakhale makina ena akale amaipatsabe 1.5V, phindu n'kusowa.

Yosadya moto kwenikweni ndi LPDDR, koma pafupifupi nthawi zonse imabwera yowotcheredwa pabolodi. Imeneyo mumaisankha pogula laputopu, osati pambuyo pake.

Kunena zoona, RAM si imene imamaliza batire. Sikirini ndi pulosesa ndizo zimadya kwambiri. Chepetsani kuwala, tsekani mapulogalamu osafunika, ndipo ngati mukadali ndi hard disk yozungulira, ikanimo SSD. RAM ikachepa kompyuta imangolemba pa disk, choncho 8GB ingakuthandizeni kuposa 4GB.

Pimaninso batirelo. Pa Windows, tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, muyerekeze mphamvu imene linabwera nayo ndi imene likusunga lero. Ngati yatsika kufika theka, ndalamayo ipite ku batire latsopano.