Kusankha ndi Kusamala Kompyuta Yosadya Magetsi

Ife a ku Mangochi, amene timaona ndi maso athu Shire akutuluka m'nyanja, nalowa m'Malombe, natsikira ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene madzi ake amabala magetsi, tidziwa kuti mphamvuyi siyoseweretsa. Pakuti namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mdima unatichezera miyezi yambiri, ndipo amene anali ndi kompyuta yosusuka anaiona ikumaliza batire la sola usiku usanakule.

Tsono, abale, musanatulutse ndalama m'thumba, yambani mwafunsa dzina la purosesa, ndiwo ubongo wa makinawo, popeza safunsa anadya phula. Chilembo chotsiriza pa nambala yake chimaulula khalidwe lake: wa U, kaya wa Intel kaya wa AMD, ngodziletsa, amakhuta ndi mawati ngati 15, wa H amafuna 45, wa Intel wa chilembo K kawirikawiri amapyola 90. Kwa mphunzitsi wolemba mayeso ku Malindi, kapena wamalonda wowerengera mabigili a usipa ku Makawa, wa U ngokwanira ndithu. Chenjerani ndi zimakompyuta zapatebulo zakale zogulitsidwa motchipa, zonyezimira kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Werengani nokha. Makina a mawati 150, akayaka maola 8 tsiku lililonse, amadya mayunitsi 36 pamwezi, pamene laputopu ya mawati 30 imadya 7 ndi pang'ono, ntchito yake ili yomweyo.

Mukagula, lowani mu Power Options pa Windows, musankhe Balanced kapena Power saver, muchepetse kuwala kwa sikirini, ndi kulamula kompyutayo kuti izigona ikakhala mphindi 10 osakhudzidwa. Usiku izimitseni ndithu, muzule chaja pakhoma.

Chimene ambiri achinyoza ndicho kutentha. M'mwezi wa Okutobala, pamene malata amalira masana ndipo mchenga wa ku Monkey Bay umaotcha mapazi, purosesa wotenthedwa amachititsa fani kuthamanga kosapuma, nayamba iye mwini kuchedwa pa ntchito. Musaike laputopu pamatilesi kapena pamkeka, pamene timabowo take ta mpweya timatsekeka. Ikani pathabwa, kumbuyo kwake mutatsamiritsa pa kabuku, kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Ndipo mwera ukatha kuulutsa fumbi lake mu Ogasiti, izimitseni, mutenge kaburashi kofewa kouma, musese timabowo tonse mofatsa.